Akakupatsani chingwe cha galu wa bwana kuti mupite naye ku paki

Ambiri a ife amene tili pa ntchito za pakhomo kuno ku Joni tinalembedwa kuti tizitchetcha kapinga, kuthirira maluwa kapena kuchapa ndi kusita. Koma sipapita miyezi, madamu amakugwiritsa chingwe m'manja n'kunena kuti kawongoletseni miyendo agaluwa ku paki. Palibe amene amakuphunzitsa. Amangoti poti ndiwe munthu wamkulu ndipo kwanu agalu aliko, nkhaniyi ukuidziwa. Ine ndayendetsa agalu a pakhomo pomwe ndimagwira kwa zaka ndithu, kawirikawiri ku mapaki a Emmarentia ndi Delta Park, ndipo ndikufuna abale amene mwangoyamba kumene mumve izi musanakumane nazo nokha.

Nzeru za agalu zomwe tinabwera nazo kuchokera kumudzi zisiyeni kaye m'chikwama. Kwathu ku Ntcheu galu ndi mlonda kapena wopita naye kosaka, ndipo amamuopa munthu. Ukawerama ngati ukutola mwala, amapanira mchira n'kuliyatsa. Agalu a kuno sanagendedwepo. Mukawerama, wina aganiza kuti mukutola mpira ndipo akuthamangirani, wina aona nkhope yanu yafika pafupi ndi mano ake. Mukagendadi, mwini wake akutengerani ku polisi, chifukwa kuno kuzunza nyama ndi mlandu. Komanso kukula kwake n'kwina. Galu wamkulu wa mtundu wa Boerboel amapitirira makilogalamu 60, ena amalemera kuposa inuyo amene mwagwira chingwe.

Ntchito imayambira pakhomo, musanatsegule geti. Funsani bwana kapena madamu mosapita m'mbali: kodi galuyu analumapo munthu kapena galu mnzake? Ndi wofula? Anabayitsa liti katemera wa chiwewe? Malamulo a dziko lino amakakamiza mwini galu aliyense kubayitsa katemerayu galu akakwana miyezi itatu, kubwereza chaka chisanathe, kenako zaka zitatu zilizonse, ndipo dokotala wa ziweto amalemba m'kabuku. Jambulani kabuku kameneko pa foni yanu. Tsiku la mavuto anthu amayamba kufunsa kabukuko, ndipo bwana amakhala ali mu miting'i osayankha foni. Ngati akuti galuyo muzimumasula ku paki, apempheni alembe zimenezo pa WhatsApp. Angadabwe, koma chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Kenako muyeseni galuyo pabwalo pomwepo. Muitaneni ndi mawu omwewo amene eni ake amagwiritsa ntchito, kaya ndi a Chingerezi kaya Chiafrikaans, osati "bwera kuno" wathuyu. Akapanda kubwera pa mawu anu muli mkati mwa mpanda, mopanda chomusokoneza, ku paki komwe kuli abakha, njinga ndi agalu anzake sadzakumverani n'komwe. Woteroyo musamuchotse chingwe, olo madamu anene kuti amamvera. Amamvera madamuwo. Chingwe chikhale chachifupi ndi cholimba. Zija zokhala ndi chogwirira cha pulasitiki, zotambasuka zokha ngati tepi ya mmisiri, ine ndimazikana. Galu akathamanga mwadzidzidzi kachingwe kake kamatentha kapena kucheka zala, kamakola miyendo ya anthu, ndipo galu ali patali choncho simungamubweze msanga. Agalu aakulu opitirira awiri musavomere kuwatenga nokha.

Mukafika ku paki, musafulumire kulowa. Imani kaye chapatali mupenye, ndipo oyamba kuwapenya ndi anthu, agalu pambuyo. Galu wolusa yemwe mwini wake ndi wanzeru savuta kwenikweni: amakhala pa chingwe, mwina atamuvekanso chotsekera kukamwa, ndipo mwini wake amapatuka yekha akakuonani. Ena amamanga kansalu kachikasu pa chingwe, chomwe ndi chizindikiro choti galuyo musamuyandikire. Oopsa ndi agalu amene eni ake maso ali kwina.

Muwaona ndithu. Pali uja maso ali pa foni, galu wake ali kutsidya kwa damu. Pali kagulu koima malo amodzi, makapu a khofi m'manja, nkhani ili pakamwa, agalu awo akuzungulira pomwepo mpaka atatopetsana n'kuyambana. Pali wobwera ndi galu wamkazi ali pa nyengo yofuna amuna, amene amasokoneza agalu onse amphongo, ngakhale ofatsa. Pali woponya mpira pakati pa agalu osadziwana, osadziwa kuti agalu ambiri amalumirana mpira kapena chakudya. Ndiye pali amene ndimamuopa kuposa onse, wokuwa ali patali galu wake akukuthamangirani: "Musaope, saluma, akungofuna kusewera!" Munthu ameneyu akukuuzani, mosadziwa, kuti galu wake sangathe kumuitana n'kubwerera. Akanatha, akanamuitana m'malo mokuwira inu. Mnzake ndi uja amati asiyeni athana okha. Agalu a msinkhu umodzi nthawi zina amathanadi okha ndi phokoso chabe, koma kagalu ka makilogalamu asanu sikathana ndi galu wa makilogalamu 40. Kamangogwedezedwa kamodzi basi, nkhani yatha.

Muonanso anzathu ena atapatsidwa agalu anayi kapena asanu a makomo osiyanasiyana. Amenewa musawakwiyire, ntchito ndi yomweyi, koma apatseni mpata, chifukwa manja ali nawo awiri okha.

Pamene pamayambira ndewu zambiri ndi polowera ndi poimika magalimoto. Agalu amene ali kale mkati amathamangira wobwera kumene n'kumuzinga, iye ali pa chingwe, alibe kothawira. Dikirani mpaka polowera patayera, lowani msanga, pitirirani kuyenda. Kuyenda ndiye chitetezo chachikulu. Agalu akamayenda amanunkhizana pang'ono n'kusiyana. Akaima malo amodzi amayamba kuyesana mphamvu. Ndipo galu wanu wachikulire akakana kulowa, akuuma miyendo pa geti, mumvereni. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Tsopano zizindikiro za galu weniweniyo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri timanamizika. Kugwedeza mchira sikutanthauza kuti galu wakondwa. Wokondwa amagwedeza thupi lonse, chiuno chikupita uku ndi uku, kukamwa kuli yasa, lilime panja. Akafuna kusewera amagwetsa chifuwa pansi matako ali m'mwamba, amadumphadumpha, ndipo pothamangitsana amasinthana, uyu athamangitse, kenako athamangitsidwe. Pakapita kanthawi amaima, kudzikutumula ngati atuluka m'madzi, n'kuyambiranso. Masewera otere amatha kukhala ndi phokoso loopsa koma palibe kanthu.

Wofuna ndewu amakhala chete. Thupi limauma gwa, mchira uli njo m'mwamba, mwina ukunjenjemera kunsonga kokha. Kukamwa kumatsekeka. Maso amakhala dwii pa mnzake osaphethira. Amayenda monyang'wa, kubwera molunjika m'malo mozungulira chammbali monga amachitira agalu aulemu. Akafika amasanjika chibwano kapena mwendo pamapewa a mnzake, kapena kumukwera, ngakhale onse ali amphongo. Ubweya wa pamsana umaima, ngakhale zimenezi zokha nthawi zina zimangosonyeza kuti watengeka. Mukaona agalu awiri aima chonchi, khosi ndi khosi, osasuntha, mwatsala ndi masekondi ochepa. Musakoke chingwe mwamphamvu, pakuti kukokako ndi kumene kumayatsa moto. Itanani wanuyo ndi mawu opepuka ngati mukumuitanira chakudya, tembenukani, yambani kuyenda.

Wamantha nayenso amaluma, ndipo anthu samuwerengera. Amanyambita milomo, kuyasamula osagona tulo, kutembenuza mutu kwinaku akupenya cham'mbali moti zoyera za m'maso zikuoneka, mchira pansi, makutu kumbuyo. Akabisala kumiyendo kwanu, akupempha kuti mumuchotse pamenepo. Galu akadzuma musamumenye kapena kumukalipira. Kudzumako ndi chenjezo, ndipo galu amene amalangidwa akadzuma amaphunzira kuluma osachenjeza.

Chinthu china choti muzichiyang'anitsitsa ndi agalu angapo akamathamangitsa mmodzi, makamaka wamng'ono akulira kwe kwe. Kulirako kumadzutsa mtima wosaka ngakhale mwa galu wapakhomo wofatsa. Wanu akakhala m'gulu lothamangitsalo, mugwireni nthawi yomweyo, musadikire kuti wina adandaule.

Nanga mwini galu wosasamalayo mulankhula naye bwanji? Tinene zoona, abale. Ndinu mlendo, mwavala ovolosi, ndipo iye akudziona kuti paki ndi ya kwawo. Mukamuuza kuti galu wake ndi wolusa, mwayamba mkangano umene simupambana, agalu ali pomwepo akumva mawu akukwera. Ine ndimatembenuza nkhani. Ndimakweza dzanja akadali patali n'kunena kuti chonde itanani galu wanu, wangayu sagwirizana ndi anzake. Munthu yemweyo amene sakanasuntha kuti ateteze galu wa wina amathamanga kuti ateteze wake. Akayamba zonyoza, musayankhe, chokanipo. Tsiku lina pa paki ina bambo wina ananditsatira akulalata chifukwa ndinaimika phazi kutchinga galu wake amene ankakwera wathu. Ndinangopitirira kuyenda mpaka kumene kunali anthu ambiri, ndipo atawona maso a anthu anabwerera yekha. Mukafika kunyumba auzeni abwana anu tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi galu amene amavutitsa nthawi zonse, iwowo ndi amene akadandaule kwa oyang'anira mapaki a mzinda, a Johannesburg City Parks and Zoo, kapena kwa apolisi a mzinda, a JMPD. Mawu awo amamveka msanga kuposa athu.

Galu akakuthamangirani inuyo, musathawe. Simungamupose liwiro, ndipo kuthawa kumamuuza kuti ndinu nyama. Imani chammbali, manja pachifuwa, osamupenya m'maso, osakuwa mwamantha. Mawu amodzi okuya, olamula, amaimitsa agalu ambiri. Ikani chinthu pakati panu ndi iye: chikwama, jekete, ambulera yotambasula. Ngati muli ndi timabisiketi ta agalu m'thumba, muwazireni kumaso dzanja lodzaza, ambiri amaima n'kuyamba kutola, inu n'kumachoka pang'onopang'ono chobwerera m'mbuyo. Mukanyamula kagalu kakang'ono m'manja, dziwani kuti wamkuluyo adumphira manja ndi nkhope yanu, choncho mufulatireni kapena kakwezeni pamwamba pa galimoto kapena kuseri kwa mpanda. Akakugwetsani, dzipindeni, mawondo pamimba, manja ataphimba khosi ndi makutu, ndipo musagubuduke.

Ndewu ikabuka, lamulo ndi limodzi lalikulu: dzanja lisapite kumene kuli mitu. Mtima umakuuzani kuti gwira lamba wa m'khosi, ndipo anthu ambiri amalumidwa pomwepo, kawirikawiri ndi galu wawo yemwe, chifukwa pa nthawi imeneyo sadziwa kuti wamugwira ndani. Yambani ndi phokoso lalikulu ndi madzi, botolo lonse kumaso ndi m'mphuno. Jekete kapena bulangeti loponya pamitu nalo limathandiza. Zikakanika pafunika anthu awiri, aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu mmodzi, chakumtunda kufupi ndi ntchafu, ainyamule monga timagwirira wilibala, n'kumabwerera m'mbuyo mokhota kuti galuyo asapeze mpata wotembenuka. Mukawalekanitsa musawataye, apo ayi abwererana. Koma ngati wina waluma n'kukakamira osasiya, monga amachitira agalu a mtundu wa pit bull ndi ena otero, musakoke, mung'amba mnofu wa mnzakeyo. Mugwireni asagwedeze mutu, thirani madzi m'mphuno, ndipo mukoke pokhapokha atatsegula kukamwa. Kumenya ndi ndodo nthawi zambiri kumangowonjezera ukali. Ndipo ngati muli nokha pakati pa agalu aakulu awiri, tayani chingwe muitane anthu. Malipiro athuwa sagula dzanja lina.

Mukalumidwa, kaya ndi bala laling'ono, tsukani ndi sopo pa madzi oyenderera kwa mphindi 15 zathunthu, osati kungopukuta. Musathirepo mankhwala achikuda, mchere kapena dothi, ndipo musamange zolimba. Pitani ku kiliniki kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Mano a galu amalowa mkati kuposa mmene bala likuonekera kunja, ndipo la padzanja limatupa msanga. Kumeneko aona za jakisoni wa kafumbata ndi wa chiwewe. Wa chiwewe amabaya kangapo, tsiku loyamba, lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, ndi lina pakatha masabata awiri, ndipo bala likakhala lotuluka magazi amathanso kubaya mankhwala ena pabala penipenipo. Musadumphitse tsiku. Ife ochokera ku Malawi chiwewe timachidziwa, n'chifukwa chake a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo tikudziwa kuti zizindikiro zikangoyamba munthu sachira. Musaganize kuti kuno kulibe: mu 2010 chinabuka mu Johannesburg momwe muno, ndipo ku KwaZulu-Natal ndi Eastern Cape chimapezekapezeka. Zikavuta kwambiri imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi. Za mapepala zisakuchititseni kukhala m'nyumba ndi bala. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi.

Musanachoke pamalopo, ngati mungathe, tengani dzina ndi nambala ya mwini galu, jambulani galuyo, balalo ndi nambala ya galimoto yake, ndipo pemphani nambala ya munthu mmodzi amene waona. Eni agalu osasamala amadziwa kuzemba. Amati ndikukatenga kabuku m'galimoto, inu n'kungomva injini yalira.

Za malamulo ndi zimene zinandichititsa kunena za WhatsApp zija. Lamulo la 1993 lotchedwa Animal Matters Amendment Act limati munthu aliyense amene kusasamala kwake kwachititsa kuti nyama ivulaze munthu wina wapalamula, ndipo angalipitsidwe faindi kapena kukhala kundende mpaka zaka ziwiri. Silikunena mwini yekha ayi. Likunena munthu aliyense, kutanthauza kuti ndi inu amene munagwira chingwe. Pa nkhani ya chipukuta misozi, mwini galu ndi amene amalipira ngakhale iye sanalakwitse kanthu. Khothi la apilo linatsimikiza zimenezi mu 2020 pa mlandu wa Van Meyeren ndi Cloete, wa bambo wina wogwira maganyu a m'minda ya maluwa amene agalu atatu anamugwira mumsewu ku Port Elizabeth mu 2017 mpaka anadulidwa mkono. Mwini agaluwo anati geti linatsegulidwa ndi munthu wina wosadziwika, khothi silinamumasule. Koma pali mlandu wina wakale, wa Lever ndi Purdy wa 1993, pomwe mwini galu anapulumuka chifukwa amene anasiyiridwa galuyo ndiye sanasamale. Wantchito akalakwitsa ali pa ntchito, kawirikawiri bwana amayankhabe, komabe mukuona kumene chala chingaloze zinthu zikafika kwa maloya. Uthenga wolembedwa woti bwana ndiye analamula kuti galu azimasulidwa, kapena woti inu munawachenjeza kuti galuyu akuvuta, ndi umboni wanu.

Palinso china chimene anzathu ambiri sadziwa. Kuyambira mu Novembala 2020, pamene khothi loona za malamulo aakulu linagamula mlandu wa Mahlangu, antchito a pakhomo nawonso ali pansi pa lamulo la COIDA, la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito. Bwana amayenera kulembetsa ku thumba la boma la chipukuta misozi, la Compensation Fund, ndiponso kukanena ngozi ikachitika. Kulumidwa mukuyendetsa galu amene mwatumidwa ndi kuvulala pa ntchito. Sungani mapepala onse a kuchipatala.

Nthawi yopitira nayo isankheni. Loweruka m'mawa cha m'ma 8 koloko ku Delta Park kumakhala chikhamu cha othamanga a parkrun, kuwonjezera apanjinga otsata mtsinje wa Braamfontein Spruit, ndipo galu wokonda kuthamangitsa zoyenda amapenga nazo. Madzulo anthu akaweruka ndi Lamlungu ndi pamene paki imadzaza eni agalu amene sabwera masiku ena, agalu awo atakhala m'mpanda sabata yonse. M'chilimwe cha kuno mabingu a masana amadzidzimutsa agalu ambiri, ena amadula chingwe. Pakati pa sabata, m'mawa ana atapita kusukulu, mumakumana ndi anthu omwewomwewo ndi agalu omwewomwewo, ndipo posakhalitsa mumadziwa woti mumupatukire. Kagalu kamene sikanamalize katemera musapite nako n'komwe, kangatenge matenda a parvo, amene kuno amawatcha cat flu, ongotola pansi pomwe.

Ndipo ngati galu wa pakhomo panu ndi amene ali wovutayo, auzeni abwana momveka kuti ku paki yomasula agalu simupita naye. Muziyenda naye m'misewu ya m'dera lanu ali pa chingwe, monga malamulo a mzinda amafunira, mbali ya msewu yopanda mageti otsegula, timapepala ta pulasitiki totolera ndowe zake tili m'thumba. Akafuna kuti azisewera ndi anzake, amupezere katswiri wophunzitsa agalu, ndipo tsiku loyamba kubwerera ku paki chingwe agwire okha.